Kugula lole kapena kupitiriza hayala? Yankho kwa mayi wa geni ya kachewere ku Ulongwe

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa mayi wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, amene amagula kachewere kwa alimi a ku Domwe ndi ku Tsangano n'kukapikulitsa mumzinda wa Tete. Inali yaitali, choncho ndangotengamo mfundo zake. Akuti:

"Ndasunga mametikali 1,200,000. Pali munthu akugulitsa lole ya matani atatu, yoyendapo kale, pa mtengo wa 1,000,000. Panopa ndimachita hayala pa 15,000 ulendo umodzi, ndipo pachaka ndimayenda maulendo ngati 40. Katundu wa ulendo umodzi ndimamugula pafupifupi 90,000. Alongo anga akuti ndigule, chifukwa dizilo wopita ndi kubwera ndi 7,000 basi, ndiye ndizipulumutsa 8,000 ulendo uliwonse. Komanso eni magalimoto andigwiritsa fuwa lamoto kambirimbiri, amalonjeza kubwera osabwera, kachewere n'kuyamba kuwola. Koma mwana wanga amene anaphunzira zachuma ku yunivesite akuti masamu akukana. Ndapereka kale chikole cha 50,000. Kodi za m'mabukuzi zimagwira ntchito pa geni ngati yangayi, kapena ndi za makampani akuluakulu? Ndimvere ndani?"

Mayi, zikomo chifukwa cholemba manambala anu osabisa. Ambiri akamafunsa za geni amangoti zikuyenda kapena sizikuyenda, ndipo woyankha amasowa pogwira. Inu mwandipatsa pogwira.

Ndiyambe ndi funso lalikululo. Inde, maphunziro a zachuma amagwira ntchito pa geni ya kachewere, ndipo ine ndimaona kuti inuyo ndi amene mukuwafuna kwambiri kuposa kampani yaikulu. Kampani ikalakwitsa ili ndi eni masheya ndi mabanki oti aisenzeko. Inu mukalakwitsa ndi 1,000,000, thukuta la zaka zambiri lapita. Koma musayembekezere kuti pali buku limene linalemba kuti gulani kapena musagule. Chimene maphunzirowa amachita n'kukukakamizani kuwerengera ndalama zimene sizioneka m'kope lanu la tsiku ndi tsiku, ndipo pa nkhani ya loleyi zosaonekazo n'zochuluka kuposa zooneka.

Masamu a alongo anu si olakwika ayi. Mukachotsa 7,000 pa 15,000 patsaladi 8,000, ndipo maulendo 40 akupatsani 320,000 pachaka. Munthu akaona 320,000 amayamba kuganiza kuti pakatha zaka zitatu galimoto yadzigula yokha. Vuto ndi lakuti masamuwo analekezera panjira. Tiyeni tiwapitirize limodzi. Manambala amene ndiike m'munsimu ndi ongoyerekeza, inu mukawasinthe mukafunsa kwa eni magalimoto ndi amakaniko a ku Ulongwe, koma mitu yake musachotsepo ngakhale umodzi.

Galimoto imafuna dalaivala, ndipo dalaivala amalipidwa mwezi ukatha kaya mwayenda kaya simunayende. Tiyerekeze 8,000 pamwezi, ndiye 96,000 pachaka. Pali matayala, oyilo, mabuleki, masipuling'i, inshuwalansi, msonkho wa galimoto, kukaiyezetsa chaka ndi chaka ndi ziphaso zonyamulira katundu. Msewu wotsika ku Ulongwe kudzera pa Mussacama ndi Moatize mpaka ku Tete ndi wa makilomita oposa 200, ndipo timisewu tolowera m'minda ya ku Tsangano timadya galimoto kuposa tala. Tiikepo 120,000 pachaka, ndipo pamenepo ndaikomera mtima loleyo. Kenaka pali kutha kwa galimotoyo. Ngati mwaigula 1,000,000 lero n'kudzaigulitsa 400,000 pakatha zaka zisanu, ndiye kuti chaka chilichonse yadya 120,000 mwakachetechete. Palibe tsiku limene mudzatulutse ndalama imeneyi m'chikwama, n'chifukwa chake ambiri saiwerengera, ndipo amadzazindikira galimoto itafa alibe yogulira ina.

Chachinayi ndi chimene mwana wanu anaphunzira m'chaka chake choyamba ku yunivesite, ndipo ndi mutu wa maphunziro onse a zachuma: mtengo weniweni wa chinthu ndi chimene wasiya kuti uchipeze. Ndalama yanu ya 1,000,000 siikugona. Ndi imene imakupatsani mphamvu yofika pamunda n'kulipira mlimi pompopompo pamene anzanu akupempha kuti adzalipire akagulitsa. Ndi imene imakulolani kudzaza magalimoto awiri sabata imene mtengo wagwa kumunda koma ku Tete uli bwino. Mukaisandutsa chitsulo, ntchito zonsezo yasiya. Mutsala ndi 200,000, ndipo malinga ndi kalata yanu imeneyo ndi katundu wa maulendo awiri okha. Wopikula mmodzi ku msika wa Kwachena ku Tete akachedwa kukulipirani, bokosi la magiya likasweka sabata yomweyo, mudzakhala ndi galimoto yopanda chonyamula. Kuti muone kuti ndalama ndi yodula bwanji m'dziko muno, kumbukirani kuti mu 2023 chiwongoladzanja chimene mabanki a ku Mozambique ankayambira pobwereketsa chinali choposa 20 peresenti pachaka, ndipo wa geni yaing'ono sapatsidwa mtengo woyambirawo, amamuwonjezera. Tiyerekeze motsitsa kuti 1,000,000 yanu imabala 15 peresenti yokha ikamazungulira mu kachewere. Ndi 150,000 pachaka imene mwaisiya.

Tikaphatikiza 96,000, 120,000, 120,000 ndi 150,000 tikupeza 486,000. Iyi ndi ndalama imene loleyo ikudya pachaka isanamwe dizilo ndi dontho lomwe. Mbali inayo muli 320,000 imene mukupulumutsa. Ndiye pa maulendo 40 mukutaya 166,000 pachaka, uku anthu pamsika akukuyamikirani kuti mayi aja agula galimoto. Apa ndi pamene mwana wanu akunena kuti masamu akukana.

Koma masamu omwewo akunenanso china chimene mwina iye sanakufotokozereni. Ndalama za galimoto zili m'magulu awiri. Zina zimatuluka pokhapokha mwayenda, monga dizilo. Zina zimatuluka iyende isayende, monga zinayi tawerengazi. Gulu lachiwirili limapepuka maulendo akachuluka, chifukwa limagawidwa pa maulendo ambiri. Gawani 486,000 ndi 8,000, mupeza kuti pafunika maulendo 61 pachaka kuti mungobweza zanu. Ndipo apa mwaonanso chifukwa chake mwini galimoto amene mumamuchita hayala angathe kukulipiritsani 15,000 n'kupindula, pamene inu simungapindule ndi galimoto yomweyo. Iye sanyamula kachewere wanu yekha. Miyezi yogulitsa fodya amanyamula mabelo, chimanga chikauma amanyamula chimanga, mvula ikayandikira amanyamula feteleza, pakati apo simenti ndi malata. Ndalama zake zosasintha zija amazigawira anthu ambiri chaka chonse. Ndalama ya 8,000 ija imene alongo anu akuiona ngati yobedwa, mbali yaikulu imapita ku matayala ndi kwa dalaivala, phindu lake ndi kachigawo kochepa.

Nkhani yonse ya loleyi yagona pa funso limodzi limene simunalitchule m'kalata: pobwerera ku Tete idzanyamula chiyani? Kachewere amatsika kuchokera kumapiri a Angonia kupita kuchigwa cha Zambezi. Chokwera n'chiyani? Masitolo a ku Ulongwe ndi ku Domwe amaoda shuga, mafuta ophikira, sopo, zakumwa ndi simenti. Kapenta wa ku Cahora Bassa amafunika m'misika ya kumtunda. Ngati mutapeza katundu wobwerera amene akusiyirani 5,000 ulendo uliwonse mutachotsa dizilo wowonjezera, ndiye kuti ulendo umodzi ukupulumutsa 13,000, ndipo maulendo 38 akukwanira kubweza 486,000 ija. Mwaona mmene chinthu chimodzi chatembenuzira yankho? Popanda katundu wobwerera mukufunika maulendo 61 pamene inu muli ndi 40. Ndi katundu wobwerera mukufunika 38. Choncho musanakambe za mtengo wa galimoto, kambani kaye ndi eni masitolo, ndipo amene akuti "tidzakupatsani katundu" mufunseni kuti panopa amanyamulitsa kwa ndani, kangati pamwezi, pa mtengo wanji, ndiponso n'chifukwa chiyani angamusiye munthuyo.

Pali kaganizidwe kena kothandiza pa nkhani yomweyi, kamene akatswiri a zachuma monga Alfred Marshall anakakhazikitsa cha m'ma 1890. Posankha chochita, musamayang'ane ndalama zonse za bizinesi, muziyang'ana zimene zisinthe chifukwa cha chosankha chimenecho. Tiyerekeze lole mwagula, yatsitsa kachewere ku Tete, ndipo munthu akuti mumunyamulire katundu kupita ku Ulongwe pa 4,000 yokha. Mtima unena kuti akukunyozani, ulendo wa 15,000 angapereke 4,000? Koma galimotoyo ibwerera ndithu, ndi katundu kapena yopanda kanthu. Chowonjezereka ndi dizilo pang'ono ndi kutha kwa matayala pang'ono. Ngati zimenezo sizikufika 4,000, landirani. Chenjezo lake n'lakuti musazolowere kutchaja maulendo onse motero, chifukwa ndalama zosasintha zija zimafunika kuti wina azilipire. Kaganizidwe komweka kamagwira ntchito madzulo pamsika. Kutentha kwa ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo thumba la kachewere limene latsala siliyembekezera mtengo umene munagulira. Funso pamenepo ndi lakuti mawa lidzagulidwa zingati, poyerekeza ndi zimene akukupatsani lero.

Tsopano chikole chija. Ndikudziwa kuti 50,000 ikukupwetekani, ndipo ndikukayikira kuti ndi imene ikukukokani kwambiri kuposa mawu a alongo anu. Apa ndifuna ndikukumbutseni zimene zinachitika pakhomo pathu pompano. Mu 2011 kampani ya Rio Tinto, imodzi mwa makampani akuluakulu a migodi padziko lonse, inagula kampani ya Riversdale imene inali ndi mgodi wa malasha wa Benga, pafupi ndi Moatize. Inalipira madola pafupifupi 4 biliyoni. Malasha analipo. Chimene sanachiwerengere bwino ndi mayendedwe ake. Ankadalira kuti azidzatsitsa malashawo pa zombo mumtsinje wa Zambezi mpaka kunyanja, koma boma silinalole, ndipo njanji ya Sena yopita ku Beira sinkatha kunyamula malasha ochuluka monga ankafunira. Pofika mu Januwale 2013 kampaniyo inavomereza kuti chuma chake cha kuno chatsika ndi madola pafupifupi 3 biliyoni, ndipo mkulu wake, Tom Albanese, anatula pansi udindo. Mu 2014 anagulitsa migodiyo kwa kampani ya ku India ya ICVL pa madola 50 miliyoni okha.

Nkhaniyi ikukhudzani pawiri. Poyamba, anthu okhala ndi akatswiri odzaza maofesi anagwa chifukwa choyika masamu awo onse pa chinthu chimene anali asanachitsimikize, monga mmene mungagwere inu mutadalira katundu wobwerera amene palibe wakulonjezani. Kachiwiri, onani chimene anachita atazindikira. Sanati popeza tawononga kale 4 biliyoni tiyeni tithirenso zina kuti zoyambazo zisapite pachabe. Anayang'ana kutsogolo, anaona kuti kupitiriza kuwadyera zambiri, anagulitsa motchipa n'kuchoka. Ndalama imene yapita ndipo singabwerere siyenera kukhala nawo pa bwalo loweruza zamawa. Chikole chanu chili chimodzimodzi. Mukagula loleyo 50,000 yatuluka, mukapanda kugula yatulukabe. Chasintha n'chakuti kuyambira lero mtengo wa loleyo kwa inu ndi 950,000. Ngati pa 950,000 masamu akukanabe, kuigula kuti mupulumutse chikole ndi kutaya ndalama zambiri chaka chilichonse pofuna kulira 50,000 imene inapita kamodzi. Pitani mukakambirane ndi wogulitsayo, mwina akubwezerani theka akapeza wogula wina, koma akakana musalole kuti ndalama imeneyo ikusankhireni.

Za loleyo payokha ndinenepo pang'ono. Mu 1970 katswiri wina wa ku America, George Akerlof, analemba za msika wa magalimoto oyendapo kale, ndipo ntchito imeneyo inam'thandiza kudzalandira mphoto ya Nobel mu 2001. Mfundo yake ndi yoti wogulitsa amadziwa matenda a galimoto yake pamene wogula sadziwa, choncho wogula amaopa kulipira mtengo wabwino, eni magalimoto abwino safuna kugulitsa pa mtengo wotsikawo, ndipo pamsika pamachuluka magalimoto odwala. Dzifunseni kuti ngati loleyo imabweretsa ndalama, mwini wake akuigulitsiranji? Mwina chifukwa chake n'chomveka, matenda pakhomo kapena ngongole, koma muyenera kuchidziwa. Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa, mumulipire bwino, ndipo muiyese itasenza katundu pa chitunda. Muonenso kuti mapepala ake ali m'dzina la munthu amene akukugulitsaniyo. Kumbukiraninso kuti zipangizo za galimoto zimachokera kunja. Mu 2016, nkhani ya ngongole zobisika itaululika, metikali inagwa kuchoka pafupifupi 45 pa dola kufika pafupifupi 80, ndipo matayala ndi zitsulo zinakwera nayo limodzi, pamene kachewere ankagulidwabe ndi anthu amene malipiro awo sanakwere.

Mpaka pano zikuoneka ngati ndaima kumbali ya mwana wanu, koma alongo anu ali ndi mfundo yaikulu imene maphunziro a zachuma amaivomereza, ndipo inu mwaitchula nokha: kugwiritsidwa fuwa lamoto. Mu 1937 Ronald Coase, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1991, anafunsa kuti n'chifukwa chiyani bizinesi imachita yokha zinthu zina pamene ikanatha kungozigula kwa ena. Yankho lake linali lakuti kugula pamsika kuli ndi mtengo wake wobisika: kufunafuna munthu, kunenerera, kuonetsetsa kuti wasunga pangano. Mtengo wobisikawu ukakula, kuchita wekha kumayamba kupindula. Kwa inu mtengowu ndi waukulu ndithu. Kachewere akakumbidwa n'kuthiridwa m'matumba, mphamvu zonse zili kwa mwini galimoto. Akudziwa kuti simungadikire sabata, ndipo akapeza wina wolipira zambiri tsiku limenelo amakusiyani, kapena amafika n'kukweza mtengo katundu ali kale m'mbali mwa msewu. Wonyamula simenti angathe kudikira, inu ayi.

Ndiye vutoli tisalikane, tiliike pa sikelo. Chaka chathachi zinachitika kangati, ndipo ulendo uliwonse munataya zingati pa kachewere wowola, pa mtengo umene unagwa muli kudikira, pa makasitomala amene anakagula kwa ena? Tiyerekeze kasanu, 20,000 nthawi iliyonse. Ndi 100,000, ndipo iyenera kuwonjezedwa ku mbali ya kugula. Tsopano tili ndi 420,000 poyerekeza ndi 486,000. Mpata wachepa koma sunatsekeke. Ndipo musaiwale kuti galimoto yanuyanu nayo idzakugwiritsani fuwa lamoto. Idzafera pa Mussacama itasenza matumba, ndipo tsiku limenelo mudzalipira makaniko ndi hayala yomwe.

Funso lotsatira ndi lakuti kodi pali njira yotchipa yogulira kudalirika kumeneku popanda kutulutsa 1,000,000? Ine ndikuona kuti ilipo. Munthu wa maulendo 40 pachaka ndi kasitomala wamkulu, amapereka 600,000 pachaka kwa eni magalimoto, koma mwina mumanenerera ulendo uliwonse paokha ngati mlendo. Sankhani eni magalimoto awiri, osati mmodzi, mupangane nawo za nyengo yonse pamaso pa mboni. Auzeni kuti maulendo anu onse ndi awo, kuti mudziwatumizira ya dizilo pa M-Pesa kapena e-Mola dzulo lake, ndipo akafika pa nthawi yake muziwonjezera 1,000. Pa maulendo 40 ndi 40,000 yokha. Munthu amene akudziwa kuti akakusiyani tsiku limodzi ataya ntchito ya chaka chonse amaganiza kawiri asanathamangire wolipira zambiri wa tsiku limodzi. Kukhala ndi awiri kumathandiza kuti aliyense adziwe kuti alipo womulowa m'malo.

China chimene maphunziro a zachuma amaphunzitsa, chimene ife a geni timachiiwala msanga, n'chakuti anzathu sakugona. Phindu likaoneka poyera anthu amakhamukirako mpaka litachepa. Amene ankachita za nandolo akukumbukira. Mu 2016 mtengo unali wabwino kwambiri, alimi kuno ndi ku Malawi anadzala wambiri, ndiye mu 2017 dziko la India, limene limagula nandolo wochuluka, linakolola wake wambiri n'kuika malire pa wochokera kunja. Mtengo unagwa mpaka ena anasiya nandolo m'munda. Kachewere sadalira India, koma kachitidwe kodzala poyang'ana mtengo wa chaka chatha n'komweko: chaka cha mtengo wabwino chimatsatidwa ndi chaka cha kachewere wambiri. Wa geni amene ndalama yake ili m'manja angathe kuchepetsa maulendo, kapena kutembenukira ku nyemba, soya kapena chimanga. Amene ndalama yake ili m'chitsulo ayenera kuyendabe kuti alipire dalaivala. Ndipo magalimoto nawo akachuluka ku Ulongwe, hayala idzatsika, 8,000 ija n'kusanduka 5,000.

Pali zina zimene mwana wanu sanazipeze m'mabuku, ndipo pa zimenezi inu ndi alongo anu mukudziwa zambiri kuposa iye. Galimoto ya katundu ikafika pamudzi imakhala ya mudzi wonse. Maliro akagwa idzanyamula bokosi ndi anthu, wodwala usiku adzagogoda kwa inu, a kumpingo adzaipempha, achibale adzafuna kututa chimanga. Sindikunena kuti muzikana. Moyo wathu ndi umenewo, ndipo anthu omwewo ndi amene adzathamange tsiku la vuto lanu. Ndikungoti ziikeni m'masamu monga mwaikira matayala, chifukwa dizilo wake adzachokera mu geni. Palinso dalaivala. Inu simungakhale m'galimoto ulendo uliwonse, ndipo amene ali yekha pamsewu wa makilomita 200 amayesedwa ndi matola ndi dizilo wa m'thanki. Mukamulipira pamwezi chabe alibe chomukakamiza kufulumira, mukamulipira pa ulendo chabe amathamangitsa galimoto n'kuiwononga. Ngati dalaivalayo kapena woyang'anira galimotoyo adzakhale wachibale, kambiranani lero, pali amalume ndi mwana yemwe, kuti malipiro ake ndi otani ndipo zikalakwika adzadzudzulidwa ndi ndani, chifukwa wantchito angathe kuchotsedwa koma mlongo sachotsedwa.

Komanso ganizirani za nthawi yanu. Luso lanu lili pa kudziwa mlimi amene kachewere wake sawola msanga, kudziwa tsiku limene msika wa ku Tete uli ndi njala, kudziwa wopikula amene amabweza ngongole. Mukagula lole mwatsegula bizinesi yachiwiri, ya mtengatenga, imene ili ndi luso lakelake. Tsiku limene mwakhala pa galaja kudikira chitsulo chochokera ku Beira ndi tsiku limene simunapite kumunda.

Mwafunsa kuti mumvere ndani. Pa manambala amene mwandipatsa, chaka chino mverani mwana wanu, musagule. Koma musamulole kuti angoti masamu akukana n'kubwerera kutauni. M'patseni ntchito. Akugulireni kope lina, ndipo kwa nyengo imodzi yathunthu muzilembamo ulendo uliwonse: tsiku, matumba, mtengo wogulira, mtengo wogulitsira, hayala, matumba owola, ndi masiku amene galimoto inachedwa. Alongo anu nawo apatseni yawo, ayendere eni masitolo a ku Ulongwe ndi ku Domwe n'kupeza amene angavomere kukupatsani katundu wobwerera. Mungathe kuyesa zimenezi musanagule chilichonse: panganani ndi mwini galimoto amene mumachita hayala kuti inu ndi amene muzipeza katundu wobwerera, n'kumagawana naye ndalamayo. Mukatero mudzadziwa ngati 5,000 ija ilipodi, ndipo mukapeza kuti kulibe simunataye kanthu.

Nyengoyo ikatha, khalani pansi atatu ndi kopelo. Ngati maulendo anu akuyandikira 60, kapena katundu wobwerera akupezeka pa maulendo ambiri, ndipo mungathe kugula lole n'kutsalabe ndi mpamba wa maulendo osachepera asanu kuphatikizapo ndalama yapadera yokonzetsera injini, pamenepo gulani, ndipo yang'anani magalimoto angapo musanasankhe. Za chikole chija pitani sabata ino, wogulitsayo asanaganize kuti mwangozengereza ndi malipiro.